Dzanja Lothira Mchere

Pitala sanapite kuchipatala chifukwa cha magazi. Mwamuna wa kunyanja sapita kuchipatala ndi matenda osaoneka, amadikira mpaka chinthu chitupe kapena chinunkhe. Chimene chinamufikitsa kumeneko ndi mbedza imene inamubaya chala chachikulu, chala n'kutupa mpaka kulephera kugwira nkhafi. Ngakhale pamenepo, mkazi wake Eveles anachita kumukoka ngati mbuzi yopita kumsika.

Atatsukidwa bala, adokotala a pachipatala chaching'ono cha m'deralo anamumanga lamba wopopa pamkono monga amachitira ndi aliyense. Anayang'ana pamakina, n'kumasula, n'kumanganso mkono winawo. Eveles, amene anakhala pabenchi pafupi ndi chitseko, anaona nkhope ya adokotala ikusintha.

"Bambo, mwabwera pa chiyani?"

"Pa njinga. Ndapalasa ndekha, awa ndawakweza kumbuyo."

"Mutu sukupweteka? Chizungulire?"

"Ine chikundipweteka n'chala basi."

"Chala chipola," anatero adokotala. "Koma magazi anu akuthamanga kwambiri. Bipi yanu yafika poti anthu ena amabwera nayo kuno atanyamulidwa. Matenda amenewa salowa ndi odi. Munthu amadzimva wamphamvu mpaka tsiku limene mtsempha wa m'mutu uphulika, kenako mbali imodzi ya thupi yafa, mwinanso munthu yense wapita."

Anamupatsa mapiritsi oti azimwa m'mawa uliwonse moyo wake wonse, n'kumuuza kuti azibwera mwezi ndi mwezi kudzayezedwa. Kenako anatembenukira kwa Eveles.

"Amaphika ndinu, mayi? Ndiye theka la mankhwala a bambowa lili m'manja mwanu. Mchere uchoke mumphika wawo. Adandaula, akalipa, koma inu limbani mtima."

Eveles anagwedeza mutu. Anali mkazi womva zinthu kamodzi.

Pobwerera, atafika pakati pa minda ya mpunga ya ku Lifuwu pomwe panalibe munthu, Pitala anaimitsa njinga n'kutsika. Iyeyu anali siginala pa chilimira cha Mustapha, khoka lalikulu logwirira usipa usiku. Ndiye ankakhala yekha m'bwato la nyali, kuona kumene usipa wasonkhana, n'kuuza anzake poponya khoka. Ntchito imeneyi ndi imene inkamupatsa dzina kudoko, ndipo ankayenda nayo pachifuwa.

"Amake Thandiwe, zimene tamva zija zithere mumpunga muno," anatero. "Mustapha akangomva kuti ndikhoza kugwa nthawi iliyonse, angandiikenso m'bwato la nyali? Anyamata akuudikira mpando umenewu ngati makhwangwala. Ndiye tidya chiyani? Ngakhale achemwali asamve. Pakamwa pa achemwali ndi wailesi."

Eveles analonjeza. Kwawo ku Khombedza analangidwa kuti za m'nyumba sazitulutsa kunja, ndipo pa zaka zonse zimene anakhala pachitengwa kumudzi kwa mwamuna wake sanaphwanyepo lamulo limenelo. Sanaganize kuti lonjezo lopereka pamsewu, munthu atagwira kariyala wa njinga, lingadzamudye.

Mapiritsi aja Pitala anawamwa mwezi woyamba, akung'ung'udza kuti akumukodzetsa pafupipafupi, ndipo m'bwato mulibe thengo. Kenako kubawo anamva amuna akunena kuti mankhwala a bipi amapha mphamvu za m'nyumba. Palibe mmodzi mwa onenawo amene anamwapo, koma Pitala anawakhulupirira kuposa adokotala. Mwezi wachiwiri anapita kuchipatala monyinyirika, n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule ku famase kapena abwerenso sabata yamawa. Munthu anabwerako akumwetulira ngati wamasulidwa kundende.

"Boma lenilenilo laona kuti sindikudwala," anatero, ndipo sanapondenso kuchipatala.

Eveles anapita yekha kukamutengera, koma anamuuza kuti wodwala abwere ayezedwe kaye. Anachonderera mwamuna wake, anakalipa, analira. Pitala ankangoseka n'kunyamula injini ya boti paphewa kuti mkazi wake aone. Choncho mwa mankhwala awiri amene adokotala ananena, kunatsala amodzi okha, amene anali m'manja mwa Eveles, ndipo iye anawagwiritsa osataya. Ankatendera ndiwo ndi nsinjiro, kuthira matimati ambiri, anyezi, tsabola, kufinyira ndimu pa usipa, zonsezi kuti lilime la Pitala lisafunse zambiri. Mchere anauchotsa kukhitchini n'kuubisa kuseri kwa thumba la mpunga. Kukabwera mlendo ankamuikira wake m'kambale kapambali.

"Ndiwo zosukuluka ngati za wamndende," Pitala ankatero tsiku ndi tsiku. Komabe ankadya, ndipo Eveles akamuona akutsika kunyanja ndi nyali zake ankati mumtima, lero ndamusunganso.

Tsidya la bwalo lomwelo kunkakhala Molly, mlongo wake wamkulu wa Pitala. Anali mayi wamasiye, wotsogola kutchalitchi, komanso mlangizi wa atsikana okalowa m'banja. Mwambo ankaudziwa ngati mmene ankadziwira nyimbo za m'buku, ndipo zonse ziwiri ankaziimba mokweza. Tsiku lina anafika nthawi ya chakudya, Eveles n'kumuikira ndiwo ndi kambale ka mchere pambali. Molly analawa ndiwo, anayang'ana kambaleko, n'kugwedeza mutu mokhutira.

Anakhutira chifukwa mkazi aliyense wolangidwa amadziwa kuti akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amatuma mwana, ndipo ngati mwana palibe, amaika mchere pambali kuti aliyense adzithirire. Kwa Eveles mwana kunalibe, poti Thandiwe anakwatiwa ku Chipoka. Koma pali mkazi winanso amene amaopa mchere. Ameneyo ndi mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina. Akuti thupi lake limatentha, ndipo akathira mchere ndi dzanja lake, mwamuna wake amadulika. Amatupa miyendo, amafooka, n'kufa ndi mdulo. Mkazi wotere, ngati akali ndi kachisoni pang'ono, amathawa mchere kuti asaphe munthu.

Sabata yotsatira Molly anabweranso, n'kupeza kambale kaja. Anabweranso mwezi utasintha, kambale kali pomwepo. Ulendo umenewu sanagwedeze mutu.

"Alamu," anatero akupukuta m'manja, "mwezi wanu sutha?"

"Ndangozolowera kuphika chonchi, alamu. Ena mchere wambiri saufuna."

"Ena ake ati? Mlongo wanga ndinamulera ndine. Ali mwana ankanyambita mchere m'manja ngati shuga."

Eveles anaweramira mbale. Mawu anali pakamwa penipeni, koma anawameza chifukwa cha lonjezo lija.

Nkhani ikatuluka m'nyumba ya Molly sichedwa kupeza miyendo. Pasanapite nthawi inali itafika pamathandala pomwe amayi amayanika usipa, ndipo kumeneko inapeza chimene inkasowa, dzina la mwamuna. Eveles ankagula usipa pa boti la Mustapha, ndipo Mustapha ankamupatsa mpata wosankha poyamba chifukwa anali mkazi wa siginala wake. Kwa zaka zambiri palibe anaonapo chachilendo. Tsopano aliyense anakumbukira kuti anaonapo Mustapha akumusekerera, wina anamuona akumunyamulira beseni, wina anaona zimene sangathe kuzinena poti ndi Mkhristu.

Chimene chinamupweteka kwambiri Eveles ndi Hasina, mkazi wa Mustapha. Awiriwa anayanika nsomba moyandikana kuyambira ana awo ali kumsana. Ankabwerekana mabeseni, ndipo pa Idi Hasina ankamutumizira mpunga wa nyama. M'mawa wina Eveles anapeza Hasina atasamutsa nsomba zake kupita kumapeto kwa mzere. Anamupatsa moni, Hasina n'kuyankha akuyang'ana kunyanja. Eveles akanatha kumaliza nkhani yonse ndi mawu ochepa, koma Hasina ndiye anali munthu wotsiriza woti amve, pakuti chimene wamva Hasina wamva Mustapha.

Tsiku limenelo Eveles anadikira Pitala kuti adzuke tulo take ta masana, n'kumukhalira pafupi pamphasa.

"Abambo a Thandiwe, mwamva zimene akundinenera?"

"Akazi amalankhula. Zitha."

"Sizikutha. Dzina langa lanunkha doko lonse. Auzeni achemwali anu zoona. Iwo okha, muwapemphe asunge."

"Ndiwauza."

"Liti?"

"Mawa, mkuja. Bwanji ukundipanikiza ngati ndaba?" Anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma. Kenako analankhulanso osamuyang'ana. "Komanso Mustaphayo amakusekerera chiyani?"

Eveles anamva ngati wathiridwa madzi ozizira. Munthu amene anali naye m'chipinda cha adokotala, amene anamva ndi makutu ake mawu aja, ndiye ankafunsa zimenezi. Anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, kumene analira mokwiya, osati mwachisoni. Koma madzulo ake anaphikabe ndiwo zopanda mchere.

Mawa la Pitala silinafike. Pakadafunda padajiwitsa galu. M'malo mwake Molly ndiye anaitana bwalo la pabanja Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi. Panabwera amalume awo, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo, ndi amayi angapo a pamudzi amene sanaitanidwe koma anabwera ndi mphasa zawo. Molly anali atatereka mphika wa nyemba pamoto panja, ndipo pafupi ndi mafuwa anaika mbale yodzaza mchere.

"Ine sindikunena kuti alamu achita kanthu," anayamba Molly, monga amayambira onse amene atsimikiza kale. "Ndikungofunsa. Mvula inayamba, mpunga tinadzala, tinakolola, dzanja la mkazi uyu silinakhudze mchere. Atiuze chimene akuopa."

Eveles anayang'ana Pitala. Pitala ankayang'ana chala chake chija, chimene chinapola kalekale. Pamenepo Eveles anaona kuti akapanda kudzilankhulira, palibe amulankhulire.

"Amalume, ndikhululukireni, ndiphwanya lonjezo," anatero. "Abambo a Thandiwe ali ndi bipi. Anawapeza nayo tsiku limene tinapita ndi chala. Adokotala anandiuza ine, pamaso pawo, kuti mchere uchoke mumphika. Mankhwala anasiya kumwa. Chatsala n'chimenechi. Sindinayende ndi mwamuna aliyense. Ndikusunga moyo wa mlongo wanu, alamu."

Amalume anatembenukira kwa Pitala.

"Mphwanga, n'zoona?"

Pitala anakweza maso. Anaona amalume, anaona mlongo wake, anaonanso amayi aja pamphasa, awiri mwa iwo amuna awo ali pa chilimira cha Mustapha. Eveles anamuona akuyeza zinthu mumtima, ndipo anaona mbali imene yalemera asanatsegule pakamwa.

"Ine?" Pitala anaseka, n'kudzimenya pachifuwa. "Ndikuoneka wodwala ine? Munthu wa bipi amanyamula injini? Anandipatsa timapiritsi ta chala basi. Zinazi mwina mayiwa sanamve bwino."

Amayi aja anang'ung'udza. Wina anati, "Mpaka kumunamizira matenda mwamuna wake!" Eveles anati apite onse kuchipatala akamuyeze, koma Pitala anati iye si mwana woti azikokedwa kusikelo, ndipo amalume anati nkhani ya m'banja sapita nayo kwa anthu a boma. Molly anadzuka, anatenga mbale ya mchere, n'kuima nayo patsogolo pa Eveles.

"Nkhaniyi ndi yaifupi, alamu. Ngati thupi lanu lili lozizira, thirani. Mlongo wanga adye, tonse tidye, nkhani ithe. Ngati simungathe, nenani, amalume akuperekezeni ku Khombedza lero lomwe."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akakana, ndiye kuti wavomera chigololo chimene sanachite, achoka m'mudzi ndi manyazi, ndipo mphika wa Pitala ugwera m'manja mwa Molly yemweyo. Akathira, ndiye kuti akuthira chimene adokotala anamuletsa. Anayang'ananso mwamuna wake komaliza, kumupatsa mpata wina. Pitala anameza malovu akuyang'ana mphika wa nyemba. Munthuyo ankalakalaka mchere, ndipo Eveles anamuda panthawi imeneyo kuposa mmene anadanirapo ndi munthu aliyense.

Anatapa pang'ono ndi nsonga za zala.

"Dzanja likunjenjemera chifukwa chiyani?" anafunsa Molly. "Thirani ngati mkazi wa panyumba."

Eveles anatapa dzanja lodzaza n'kuponya mumphika. Amayi aja analulutira. Pitala anadya nyemba zimenezo mpaka kupukuta mbale ndi chala, n'kunena kuti lero ndiye wadya.

Kuyambira tsiku limenelo Molly sankasowa kukhitchini kwa Eveles nthawi yothira mchere. Ankabwera kudzapempha moto, kudzabwereka chipande, n'kuima pakhomo mpaka ataona dzanja likulowa m'mbale. Eveles akachepetsa, Pitala ankadandaula mokweza kuti tsidya la bwalo limve. Dzina la Eveles linayamba kuyera. Hasina anamupatsanso moni, ngakhale nsomba zake sanazibweze pamalo akale. Amayi a kutchalitchi anamusankhanso kuphika pa ukwati. Iye ankangoyang'ana mapazi a mwamuna wake. Anaona patapata akuyamba kusiya mizere pakhungu, anaona nkhope ikudzadza m'mawa, anamva Pitala akupuma mwabefu pokwera mchenga kuchokera kunyanja. Anamupemphanso za kuchipatala, Pitala n'kunena kuti wanenepa chifukwa tsopano akudya bwino.

Anagwa m'mawa wina nyengo ya mwera, kudoko, pamaso pa anthu onse amene ankawabisira. Ankakoka bwato kutulutsa m'madzi, n'kungoti khu pamchenga, mwendo umodzi ukadali m'madzi. Eveles anali pamathandala. Anamva mfuu, n'kudziwa asanathamange n'komwe. Anamupeza pakamwa patapotokera mbali imodzi, maso ali tong'o, mkono wamanja utagona ngati si wake. Mustapha ndiye anamunyamula pagalimoto yake kupita naye kuchipatala chachikulu ku boma.

Kumeneko adokotala ena, otopa ndi mzere wa anthu, anafunsa mafunso awo Molly ali pomwepo.

"Ankadziwa kuti ali ndi bipi? Ankamwa mankhwala? Mchere anasiya?"

Eveles anayankha zonse moona. Adokotala anapukusa mutu n'kunena kuti ndi sitiroko, kuti anthu otere akuchuluka m'wodimo, ndipo ambiri akanapulumuka ndi kapiritsi kamodzi patsiku. Anati moyo ulipo, koma mbali yamanja ndi kulankhula mwina sizibwerera. Eveles, ngakhale mtima unali utasweka, anamva kampumulo pang'ono kuti mlamu wake wadzimvera yekha. Anatembenuka kuti amuyang'ane. Molly anali akuyang'ana mapazi otupa a mlongo wake amene anatulukira kunsi kwa bulangete.

"Makina saona mdulo," anatero Molly motsitsa mawu, adokotala atangochoka.

Pitala anatuluka m'chipatala atanyamulidwa, monga ananenera adokotala oyamba aja. Anamukhazika pakhonde pampando wa ndalema, atamutsamiritsa ndi mapilo. Mpando wa siginala unali utapita kale kwa munthu wina tsiku lomwe anagwa. Eveles ankamusambitsa, kumutembenuza, kumupukuta dovu, kumumwetsa mapiritsi amene tsopano sakanatha kuwakana. Ankamuphikira phala ndi ndiwo zopanda mchere, mchere ataubwezera kuseri kwa thumba la mpunga, ndipo ulendo uno sanabise chifukwa chake. Koma bwalo lachiwiri linali litakonzedwa kale, ndipo linakhala pakhonde pomwepo kuti wodwala akhalepo. Kunabweranso nkhoswe ya kwa Eveles kuchokera ku Khombedza, bambo wofatsa amene ankayang'ana dzuwa pafupipafupi kuopa kuphonya minibasi.

Molly sanakweze mawu. Sanafunikire kutero.

"Tiyeni tione bwinobwino, anthuni," anatero. "Nthawi yonse imene mkazi uyu sankathira mchere, mlongo wanga anali bwino. Ankapita kunyanja, ankanyamula injini, tonse tinkamuona. Tsiku limene anathira ndi dzanja lake, miyendo inayamba kutupa. Lero uyu ali apayu. Mukufunanso umboni wanji? Iye ankadziwa kuti ndi wotentha, n'chifukwa chake dzanja linkanjenjemera. Akanangovomera, tikanafuna mankhwala, munthu akanapulumuka. Koma anasankha kuyeretsa dzina lake ndi moyo wa mlongo wanga."

Anthu anagwedeza mitu. Ndipo chowawa n'chakuti zonse zimene Molly anawerengera zinachitikadi motero. Mchere unachoka, munthu anakhala bwino. Mchere unabwerera, munthu anagwa. Adokotala akanamva akanavomereza ndondomeko yonse, n'kukana chifukwa chake chokha. Koma adokotala sakhala pabwalo la pabanja.

"Munandikakamiza ndinu, alamu," anatero Eveles. "Munandiikira mbale patsogolo pamaso pa amalume."

"Ndinakuuzani kuti muthire ngati muli wozizira. Munathira."

"Munamva adokotala ndi makutu anu."

"Ndinamva. Iwo ali ndi dzina lawo la matendawa, ife tili ndi lathu. Nanga bipiyo inadikiriranji dzanja lanu? Komanso mwini wake anatiuza pano kuti sankadwala. Kapena mukuti mlongo wanga ananama?"

Eveles anadzuka pamphasa, anapita pomwe panali Pitala, n'kugwada patsogolo pake. Anagwira dzanja lake lamanzere, limene linali lamoyo.

"Abambo a Thandiwe, ndinu nokha munali nane m'chipinda muja. Ndinu munaimitsa njinga mumpunga. Ntchito imene munkaopa yapita kale, palibenso chobisa. Auzeni."

Pitala anamuyang'ana. M'maso mwake munali zonse, ndipo Eveles anaona kuti tsopano akufunadi kunena. Munthuyo analimbana. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, mlomo wamanzere unanjenjemera, nkhope yonse inachita thukuta. Chimene chinatuluka ndi kubuula kwakutali kopanda mawu, ndi dovu limene linatsikira pamalaya. Anayesanso, n'kutuluka zomwezo. Misozi inayenderera mbali zonse za nkhope, yamoyo ndi yakufa yomwe.

"Musamuzunze," anatero Molly. "Taonani akulira pongokuonani."

Anagamula kuti Eveles abwerere kwawo. Amalume anati n'zongoyembekezera kuti mitima izizire, koma aliyense ankadziwa kuti mitima yotere sizizira. Eveles anapempha kuti amutenge Pitala akamusamalire ku Khombedza, anthu n'kudabwa kulimba mtima kwake. Anaimbira Thandiwe ku Chipoka, mwanayo n'kungolira pafoni, akuti sakudziwa womukhulupirira, poti azakhali anali atamuimbira kale.

M'mawa mwake anamanga katundu wake m'zitenje ziwiri. Anatenga mapiritsi a Pitala n'kupita nawo kwa Molly, amene anali atasamukira kale kukhitchini kwa Eveles ngati kwawo.

"Alamu, ine mundinene kuti ndine hule, mfiti, chilichonse chimene mukufuna, ndivomera. Koma awa azimwa m'mawa uliwonse, ndipo akatha mukatenge ena. Mchere musawathirire. Akagwanso kachiwiri sadzuka."

Molly analandira mapiritsiwo ndi nsonga za zala, n'kuwasomeka kudenga pakati pa udzu.

"Pitani bwino, alamu. Dzanja langa ndi lozizira. Mwamuna wanga anamwalira kalekale."

Eveles anasenza katundu. Podutsa pakhonde anaima pang'ono. Ankaganiza kuti amuuza mawu owawa amene anawasunga kuyambira tsiku la nyemba lija, koma atamuona atakhala mopendekeka, bulangete litatsetsereka, anangolikweza n'kumufunditsa bwino. Mkwiyo unalipo, sunachoke, koma panalibe pouika. Pitala anamugwira chitenje ndi dzanja lamanzere, ndipo Eveles anachita kumasula zala zake chimodzichimodzi.

Atafika pampanda anatembenuka. Chitseko cha khitchini chinali chotsegula. Molly anali atapeza mchere uja kuseri kwa thumba la mpunga, ndipo anaima pa mphika wa usipa akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Anatapa dzanja lodzaza n'kuthira, analawa, n'kuwonjezera. Pitala nayenso ankaona kuchokera pakhonde. Anayamba kumenya mpando ndi dzanja lake lamoyo, kumenya, kumenya, akubuula, maso ali pa Eveles.

"Ndamva, achimwene, ndikubwera!" anafuula Molly mokoma mtima ali kukhitchini. "Njala yakupwetekani. Lero mudya ndiwo zokolera."